Kubana DVD kunyumba: pulogalamu yaulere iti, pa ntchito yanji?

Anthu ambiri amene amafunsa za pulogalamu yabwino yobanira DVD amakhala atataya kale zimbale ziwiri kapena zitatu. Nkhani yawo imakhala imodzimodzi. Kanema wa ukwati, wa chinkhoswe kapena wa kwaya ya kutchalitchi ali mu kompyuta. Amukokera pa chimbale, kompyuta yavomera kuti zatheka, ndipo pa laputopu pomwepo kanemayo akuoneka bwinobwino. Koma kufika nacho kwa amayi kumudzi, abale atasonkhana kale pabalaza, puleya ingozunguza chimbalecho kangapo, kenako n'kulemba kuti mulibe kanthu. Munthu amabwerera akuganiza kuti pulogalamu yake ndi yachabechabe, n'kuyamba kusaka ina. Inayo nayonso imachita zomwezo.

Gwero la vutoli ndi lakuti mawu amodzi oti "kubana" timatchulira ntchito zitatu zosiyana, ndipo mapulogalamu aulere ambiri amadziwa ziwiri zokha, osati imene anthu amaifuna kwambiri, yopanga kanema woonerera pa puleya. Choncho musanafunse dzina la pulogalamu, yambani mwadzifunsa kuti chimbalechi chikalowa m'chipangizo chanji, ndipo chikagwira ntchito yanji.

Wina anganene kuti DVD inapita kale, masiku ano ndi fulashi ndi foni. N'zoona kuti malaputopu atsopano ambiri sabweranso ndi dilayivu ya zimbale, moti umachita kugula yapadera yolumikiza pa USB. Koma mapuleya akadali m'nyumba zambiri, ndipo DVD-R ili ndi khalidwe limodzi limene fulashi ilibe: ikalembedwa n'kutsekedwa, palibe angafufute. Mwana sangaifomate mwangozi, vayirasi ya pa kompyuta ya mnzanu singalowemo n'kubisa mafoda. Pa zithunzi za makolo amene anatisiya, khalidwe limeneli ndi lamtengo wapatali.

Tiyambe ndi chimene chimachitika m'kati. DVD imapangidwa ndi mapulasitiki awiri opyapyala, iliyonse yokhuthala 0.6 mm, omatidwa pamodzi. Pa DVD-R kapena DVD+R, pakati pawo pali utoto wapadera ndi kansalu kachitsulo konyezimira. Dilayivu imawomba utotowo ndi kuwala kofiira kwa laser, n'kusiya timadontho ting'onoting'ono mu mzere umodzi wozungulira kuyambira pakati kupita kunja. Pamene pawombedwa sipabwereranso mwakale. N'chifukwa chake kubana kukalakwika pakatikati, chimbalecho chatha basi. Zimbale zolembedwa RW zilibe utoto wotere. Zili ndi msakanizo wa zitsulo umene umasintha maonekedwe ukatenthedwa, ndipo umatha kubwezeretsedwa, moti mungafufute n'kulembanso kambirimbiri. Aliyense amene akuphunzira kubana agule RW imodzi yoyeserera. Ndi yokwererapo mtengo pang'ono, koma imapulumutsa zimbale zambiri.

Pa chikuto amalemba 4.7 GB, koma Windows ikakuonetsani 4.37 kapena 4.38 musaganize kuti akuberani. Opanga zimbale amawerengera ndi 1,000 pomwe kompyuta imawerengera ndi 1,024. Malo ake ndi omwewo. Zimbale za magawo awiri, zolembedwa DL, zimatenga 8.5 GB.

Ntchito yoyamba, yophweka kuposa zonse, ndi kusunga mafayilo: zithunzi, makalata, nyimbo za MP3, mavidiyo monga momwe alili. Apa chimbale chimangokhala nkhokwe. Pa ntchito imeneyi simufunika ngakhale kutsitsa pulogalamu iliyonse, chifukwa Windows imatha yokha. Mukaika chimbale chopanda kanthu, imakufunsani njira ziwiri. Ina yalembedwa kuti "Like a USB flash drive", imene imakulolani kuwonjezera mafayilo pang'onopang'ono, koma chimbale chotere chimakana kuwerengeka pa zipangizo zambiri zimene si kompyuta. Inayo yalembedwa kuti "With a CD/DVD player", ndipo ndi imene ndimalangiza. Koma mawu amenewa ndi amene amasocheretsa anthu ambiri. Munthu akawerenga kuti "DVD player" amaganiza kuti Windows isandutsa kanema wake kukhala DVD yeniyeni. Ayi ndithu. Imangoika fayilo ya MP4 ija pa chimbale momwe ilili.

Apa ndiye tafika pamene pagona nkhani. DVD yoonerera pa puleya, imene amaitcha DVD-Video, ili ndi malamulo ake okhwima amene anakhazikitsidwa pamene DVD inkayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996. Kanema ayenera kukhala mu mtundu wotchedwa MPEG-2. Ayenera kukhala mu foda yotchedwa VIDEO_TS, ataduladula m'mafayilo a VOB osaposa 1 GB iliyonse, pamodzi ndi timafayilo ta IFO timene timauza puleya poyambira ndi pomwe pali chigawo chilichonse, ndiponso ta BUP timene ndi makope a IFO aja. Puleya ikalandira chimbale imafufuza foda imeneyi. Ikaipeza, kanema amayamba. Ikapanda kuipeza, zimadalira nzeru za puleyayo: ena mwa mapuleya, makamaka olembedwa DivX kutsogolo, amatha kutsegula mafayilo a AVI, koma kanema wojambulidwa pa foni ya masiku ano amakhala mu mtundu wotchedwa H.264 kapena HEVC, ndipo mapuleya ambiri akale sazidziwa zimenezi.

Ndiye kuti ntchito yachiwiriyi ili ndi masitepe awiri. Loyamba, kusandutsa kanema kuti akhale MPEG-2 ndi kumanga foda ya VIDEO_TS. Lachiwiri, kulemba fodayo pa chimbale. Mapulogalamu otchuka obanira amachita sitepe yachiwiri yokha. Kale, pa Windows Vista ndi Windows 7, panali Windows DVD Maker imene inkachita zonse ziwiri, koma Microsoft inaichotsa kuyambira pa Windows 8. Ambiri amene amati "kale zinkatheka" akukumbukira pulogalamu imeneyo.

Pa ntchito ya kanemayi, ine ndimayamba ndi DVDStyler. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo imalandira pafupifupi mtundu uliwonse wa kanema chifukwa pansi pake pali FFmpeg, pulogalamu yosandutsira mavidiyo imene mapulogalamu ena ambiri amadaliranso. Mumakokera mavidiyo anu m'menemo, mumasankha chithunzi cha pa menyu, mumalemba mabatani, monga "Kutchalitchi", "Ku holo", "Perekaniperekani", kuti azakhali asamachite kuthamangitsa kanema wa maola awiri pofuna pamene anavina. Maonekedwe ake si okongola kwenikweni, ndipo tsiku loyamba mudzasokonezeka ndi kalumikizidwe ka mabatani, koma ntchito imaigwira. Palinso DVD Flick, yophwekerapo, ngakhale kuti anasiya kuikonza mu 2009, moti mavidiyo a mafoni atsopano ena imawakana. A Linux ali ndi DevedeNG. Chenjezo limodzi: HandBrake, imene anthu amaitchula kawirikawiri pa nkhani za DVD, imagwira ntchito mobwerera. Imatenga DVD n'kupanga MP4, siibana chimbale.

Pulogalamu ngati DVDStyler ikakufunsani kuti PAL kapena NTSC, zimene ndi njira ziwiri zoonetsera chithunzi pa wailesi ya kanema, musangodina. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain ndi maiko a PAL, pomwe chithunzi chimakhala madontho 720 m'lifupi ndi 576 m'litali, zithunzi 25 pa sekondi. America, Canada ndi Japan ndi a NTSC, 720 ndi 480. Mapuleya ambiri a kuno amawerenga zonse ziwiri, koma a ku America ambiri amakana PAL. Choncho ngati chimbale chikupita kwa achimwene ku Johannesburg kapena ku Leeds, PAL ili bwino. Ngati chikupita ku Indiana ku America, sankhani NTSC. Za manambala a zigawo, aja amachititsa kuti filimu yogula kunja ikane pa puleya ya kuno, musadandaule nazo: chimbale chobana nokha sichikhala ndi loko ameneyu.

Dziwaninso kuti DVD siikwanitsa kuwala kwa kanema wa foni yanu. Foni imajambula madontho 1,920 ndi 1,080 kapena kuposa, ndipo DVD imatsitsa zonsezi kufika pa 720 ndi 576. Pa wailesi ya kanema yaing'ono simuona kusiyana kwenikweni, koma pa sikirini yaikulu nkhope zimafewa. Chimbale cha 4.7 GB chimanyamula bwino pafupifupi maola awiri. Mukakakamiza maola anayi, pulogalamu imavomera, koma imafinya chithunzi mpaka anthu akamavina amaoneka timabokosi. Ukwati wautali ndi bwino kuugawa pa zimbale ziwiri. Ndipo popeza chithunzi chimatsika chotere, musafufute fayilo yoyambirira mukatha kubana. Ibaneninso payokha ngati fayilo wamba, pa chimbale china, n'kusunga.

Kusandutsaku kumatenga nthawi, pa kompyuta yakale mwina kuposa kutalika kwa kanemayo. Langizo langa ndi lakuti muuze DVDStyler ipange fayilo ya ISO, imene ndi kope ya chimbale chonse mu fayilo imodzi, m'malo mobana nthawi yomweyo. Fayilo imeneyo muitsegule ndi VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo pa kompyuta, muone ngati menyu ikugwira, ngati mawu akugwirizana ndi milomo, ngati anthu sanatalike kapena kufupika chifukwa chosokoneza 16:9 (sikirini yotambalala) ndi 4:3 (sikirini yakale). Zikakhala bwino, mungabane makope khumi kuchokera pa ISO yomweyo osadikiranso kusandutsa.

ISO imeneyi ndiyo ntchito yachitatu. Fayilo ya ISO ndi chithunzithunzi cha chimbale chonse, chokulungidwa mu fayilo imodzi. Anthu amakumana nayo akafuna kuika Windows kapena Linux pa kompyuta. Cholakwika chofala ndi kuikokera pa chimbale ngati fayilo wamba. Chimbale chotere sichidzutsa kompyuta. Iyenera kumasulidwa n'kuyalidwa pa chimbale, ndipo kuyambira pa Windows 7 mungathe kutero pongodina fayiloyo ndi batani lakumanja n'kusankha "Burn disc image". ISO ya Windows 11 ndi yaikulu kuposa 4.7 GB, moti imafuna chimbale cha DL, ndipo kunena zoona pa ntchito imeneyo fulashi ndi pulogalamu yaulere ya Rufus ndi zimene zimachita bwino.

Nanga ngati Windows imatha zambiri yokha, mapulogalamu enawo ndi a chiyani? Ndi oti muziona zimene zikuchitika ndi kuzilamulira. Apa dzina limene limatchuka ndi ImgBurn. Ndi kapulogalamu kakang'ono, kosadya bando potsitsa, ndipo ngakhale kuti mtundu wake womaliza, 2.5.8.0, unatuluka mu 2013, kakugwirabe ntchito pa Windows zatsopano. Kamakulolani kusankha liwiro, kamazindikira foda ya VIDEO_TS n'kuiyala mwa dongosolo limene puleya imafuna, kamakufunsani malo odumphira kuchoka pa gawo loyamba kupita lachiwiri pa chimbale cha DL, ndipo kamalemba zonse zimene zikuchitika pa kawindo kapansi, moti zikalakwika mumadziwa chifukwa. Chimene ndimakakondera kwambiri n'chakuti kamaonetsa dzina lenileni la fakitale imene inapanga chimbale. Dzina la pa chikuto ndi la wogulitsa. Fakitale ingakhale CMC, Ritek kapena ina, ndipo mapaketi awiri a dzina limodzi angachokere kosiyana. Mukapeza mtundu umene dilayivu yanu imagwirizana nawo, mudzatha kuuzindikiranso. Koma ImgBurn siisandutsa kanema, ndipo mabatani ake ndi ambiri moti woyamba kumene angachite mantha.

Kwa munthu wongofuna chinthu chophweka, CDBurnerXP ndi yabwino. Dzina lake lisakunamizeni, si ya Windows XP yokha. Imabana mafayilo, ma CD a nyimbo oimba m'galimoto, ndi ISO, ndipo mukaitsegula imangokufunsani ntchito imene mukufuna. InfraRecorder imafanana nayo koma yakalamba, inaima mu 2012. BurnAware Free ndi Ashampoo Burning Studio Free ndi za makampani amene amagulitsanso mitundu yolipira, choncho zimaoneka zamakono koma zimakukumbutsani kuti mugule, ndipo ya Ashampoo imafuna kuti mulembetse imelo. Pa Linux funso silivuta: K3b ndiyo yodzaza bwino, Brasero ndi Xfburn ndi zopepuka, ndipo zonse zimapezeka mu sitolo ya mapulogalamu ya Linux yanuyo. Pa Mac, Finder imabana mafayilo yokha.

Tsopano mawu oti "yaulere" tiwaunike, chifukwa ali ndi matanthauzo atatu ndipo limodzi ndi loopsa. Pali mapulogalamu ngati DVDStyler, K3b ndi InfraRecorder, amene eni ake anatsegula malemba onse a m'kati mwake pansi pa chilolezo chotchedwa GPL. Aliyense angawaone, kuwakonza, kuwagawira ena. Pali ena ngati ImgBurn ndi CDBurnerXP amene simulipira koma m'kati mwake ndi mwa eni ake. Otere amafunika kupeza ndalama mwa njira ina, ndipo pa nthawi ina mafayilo oikira mapulogalamu awiriwa ankabwera ndi OpenCandy, kanthu kamene kankakupemphani kuika mapulogalamu ena amene simunawafune. Ndiye poika pulogalamu iliyonse yaulere musamangodina "Next" mothamanga. Werengani tsamba lililonse, chotsani chizindikiro pa chilichonse chimene simunapemphe, ndipo tsitsani kuchokera pa tsamba la eni ake, osati pa masamba aja odzaza mabatani obiriwira akuluakulu pomwe batani lenileni labisika. Samalaninso ndi mapulogalamu odzitcha aulere amene amadikira kuti mumalize ntchito yonse kenako n'kudinda dzina lawo pakati pa kanema, kapena kubana mphindi zochepa zokha mpaka mutalipira.

Tanthauzo lachitatu ndi lija la pa fulashi ya mnzanu: Nero yothyoledwa loko. Nero ndi pulogalamu yogulitsa ya kampani ya ku Germany, yakhalapo kuyambira 1997, ndipo inatchuka kwambiri moti ena amaganiza kuti popanda iyo kubana sikutheka. Kope yothyoledwa siichokera kwa eni ake. Yadutsa m'manja mwa anthu osadziwika, ndipo kafayilo kothyolera loko kaja ndi njira yodziwika imene mavayirasi amalowera. Mukuika pachiswe kompyuta yomwe muli zithunzi zimene mukufuna kupulumutsazo, pomwe ntchito yonse ingatheke ndi mapulogalamu ovomerezeka osalipira tambala.

Pulogalamu ikakhala yabwino, chimbale chingalakwikebe, ndipo zifukwa zake ndi za manja. Liwiro ndi loyamba. Pa chimbale amalemba 16x, ndipo pa liwiro limenelo chimatha mu mphindi pafupifupi 6, koma zimbale zotchipa siziwombeka bwino zikamathamanga chotere. Tsitsani pa 8x kapena 6x. Mudikira mphindi zochepa zowonjezera, koma timadontho tija timatuluka tooneka bwino ndipo puleya yotopa imatiwerenga mosavuta. Chachiwiri ndi kabokosi kolembedwa "Verify". Kachongeni nthawi zonse. Pulogalamu ikamaliza kulemba imawerenganso chimbale chonse n'kuyerekeza ndi mafayilo oyambirira, ndipo ngati pali pamene palakwika mumadziwa lero, osati patapita zaka zitatu fayilo ya mu kompyuta itafufutika kale. Chachitatu ndi kutseka chimbale, kumene mapulogalamu amakutcha "Finalize". Chimbale chosatsekedwa chimawerengeka mu kompyuta imene inachibana koma puleya imachikana.

Magetsi nawo ndi nkhani. Akathima pakati pa kubana pa kompyuta ya patebulo, chimbale chawonongeka. Laputopu ya batire labwino ndiyo yodalirika. Ngati mukugwiritsa ntchito dilayivu ya pa USB, ilumikizeni pa kompyuta penipeni, osati kudzera pa kachipangizo kogawira ma USB ambiri, chifukwa laser imafuna mphamvu yokwanira. Ena mwa madilayivuwa amabwera ndi chingwe cha mitu iwiri pa chifukwa chomwechi, ndipo mitu yonse iyenera kulowa. Pamene ikubana, isiyeni kompyuta ipume, musatsegule zinthu zolemera.

Za kusiyana kwa DVD-R ndi DVD+R, masiku ano si nkhani yaikulu. Yoyambayo inachokera ku Pioneer mu 1997, inayo inabwera mu 2002 kuchokera ku gulu la makampani ena, mwa iwo Philips ndi Sony, ndipo madilayivu a pano amalemba zonse. Koma ngati puleya ya kunyumba ndi yakale kwambiri, DVD-R ndi imene kawirikawiri imalandiridwa. Zimbale za DL ndi zimene zimavuta kwambiri pa mapuleya akale, makamaka pa malo odumphira paja.

Pali chinthu china chimene sindingachidumphe. Mapulogalamu onsewa ndi zida chabe, ndipo zimene mukubanazo zili ndi eni ake. Kanema wa ukwati wanu ndi wanu. Koma chimbale cha woimba amene anagulitsa mbuzi kuti alipire situdiyo, kapena cha kwaya imene inasonkherana chaka chathunthu, mukachichulukitsa n'kumagawa kapena kugulitsa, mwawalanda thukuta lawo. Ku Malawi lamulo la umwini wa luso la 2016 limaletsa zimenezi, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira. Oimba athu avutika mokwanira ndi malo obanira nyimbo amene samawapatsa kanthu.

Chimbale chikatuluka bwino, chilembeni ndi cholembera chofewa chopangira zimbale, osati bolopeni, ndipo musamatepo pepala mbali imodzi chifukwa chimayamba kupendama chikamazungulira. Chigwireni m'mbali. Chikada, pukutani ndi kansalu kofewa kuyambira pakati kupita kunja, osati mozungulira, popeza kukanda kotsatira mzere wa timadontho kumawononga zambiri nthawi imodzi. Utoto uja umaopa dzuwa ndi kutentha. Chimbale chosiyidwa pawindo kapena m'galimoto mwezi wa Okutobala sichikhalitsa. Zinthu zofunika kwambiri banani makope awiri, musunge m'nyumba ziwiri zosiyana, ndipo pakapita zaka zingapo muziyese ngati zikuwerengekabe.

Ndipo musanakwere basi ndi chimbale cha amayi chija, kachiyeseni kaye pa puleya yeniyeni, ya aneba ngati kwanu kulibe. Kompyuta imawerenga pafupifupi chilichonse, choncho singakuuzeni zoona. Pa puleyapo yang'anani ngati menyu yatuluka, dinani batani lililonse ndi rimoti, kenako thamangitsani kanema mpaka mphindi zomalizira, chifukwa kumapeto kwa kanema kumagwera m'mphepete mwa chimbale, ndipo m'mphepetemo ndi momwe zimbale zotchipa zimayambira kulephera.